Likulu Pakati pa Madzi: Mbiri ya Mishoni ya UMCA pa Likoma

Munthu wa ku Khuyu, mudzi wa pachilumba cha Likoma, akafuna nkhuni, nsungwi kapena udzu wofolerera nyumba, amayang'ana kuvuma, kutsidya kwa nyanja, kumene kuli mapiri a Mozambique. Ku Cobue si kutali, makilomita osakwana 10, ndipo ngalawa ya thanga imapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo ngati mwera sunakalipe. Koma munthu yemweyo akafuna pasipoti, kapena akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha ku Mzuzu, ayenera kudikira sitima n'kudula nyanja yonse mpaka ku Nkhata Bay. Madzi ozungulira Likoma ndi Chizumulu ndi a Mozambique, pamene zilumba ziwirizi ndi za Malawi. Amene anachititsa zimenezi si mfumu kapena gulu la nkhondo ayi, koma bungwe la mpingo wa Anglican lotchedwa Universities' Mission to Central Africa, lomwe ambiri amangoti UMCA.

Bungweli linabadwa chifukwa cha mawu amene David Livingstone anayankhula kwa ophunzira a ku Cambridge pa 4 December 1857, powapempha kuti apite ku Africa kukalalikira ndi kukalimbana ndi malonda a akapolo. Mayunivesite a Oxford, Cambridge, Durham ndi Dublin anasonkha ndalama ndi anthu. Bishopu woyamba, Charles Mackenzie, anafika ku Magomero mu 1861, ndipo pa 31 January 1862 malungo anali atamutenga kale, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Njala, nkhondo ndi maliro zinafooketsa otsalawo, mwakuti wolowa m'malo mwake, William Tozer, anasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar mu 1864. Livingstone anakwiya nazo kwambiri. Kwa iye kumeneku kunali kuthawa.

Panatha zaka pafupifupi 20 asanabwerere, ndipo pobwerera sanadzere ku Shire. Anadzera kuvuma, wapansi, m'njira zomwe amalonda a minyanga ndi akapolo ankadutsa. William Percival Johnson, amene anayamba wakhala ku Mwembe kwa mfumu Mataka, anafika pagombe la nyanja limodzi ndi Charles Janson, koma Janson anamwalira mu 1882 atangofika kumene. Zimene Johnson anapeza m'mbali mwa nyanjamo zinali zomvetsa chisoni. Anyanja ankakhala mopanikizana m'malinga, ena pamiyala ndi m'madambo, poopa Angoni a ku Songea omwe ankawatchula kuti Magwangwara, komanso mafumu a Chiyao ogulitsa anthu. Johnson anaona kuti m'dziko lotere kumanga siteshoni imodzi kumtunda n'kudikira kuti anthu abwere kunali kutaya nthawi. Msewu wodalirika unali nyanja yokha. Chofunika chinali sitima yoti iziyendera midzi ya m'mphepete, kusiya mphunzitsi apa, kudzamuona mwezi wamawa, ndi malo amodzi otetezeka oti sitimayo izikocheza.

Malo amenewo anali Likoma. Kunena zoona, munthu wofuna kulima sakanasankha chilumbachi. N'chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, cha miyala ndi mchenga, chodzaza milambe ikuluikulu, ndipo mbewu imene imapirira bwino ndi chinangwa. Koma chili ndi madooko abwino, ndipo Magwangwara analibe zombo. Mu 1885, m'nthawi ya Bishopu Charles Smythies, amishoni analandira chilolezo kwa mfumu Chiteji ya kutsidya n'kukhazikika pachilumbapo. Chaka chomwecho sitima yawo yoyamba, imene anaipatsa dzina la Charles Janson, inalowa m'madzi. Johnson mwini wake anali atadwala maso koopsa mu 1884, n'kutsala ndi diso limodzi loona mwa chizimezime. Ndi diso limenelo anayenda panyanjayi zaka zina zoposa 40, akumasulira Malembo m'kachipinda ka m'sitima, pepala litagunda mphuno, mpaka anamwalira ku Liuli mu 1928. Baibulo lathunthu loyamba m'Chinyanja, lomwe linatuluka mu 1912, linali ntchito ya iyeyu ndi omuthandiza, m'kayankhulidwe ka Anyanja a kunyanja kuno, zaka 10 Buku Lopatulika lisanasindikizidwe.

Pamene Johnson anali pamadzi, woyang'anira pachilumba anali mnzake wa ku Oxford, Chauncy Maples, yemwe anafika mu 1886 atagwirapo ntchito ku Masasi ndi ku Newala. Siteshoni inamangidwa pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Panali sukulu ya anyamata, ya atsikana, ndi makina osindikizira mabuku, amene mu 1893 anayamba kutulutsa kanyuzipepala kotchedwa Nyasa News. Nyumba zonse zinali za udzu, ndipo moto wa mu 1892 unapsereza zambiri, tchalitchi ndi mabuku omwe. Chaka chomwecho dera la kunyanja linapatulidwa kukhala dayosizi payokha. Maples anadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma ku London mu June 1895, koma pampando wake sanakhalepo. Pa 2 September 1895, akubwerera, boti lake la thanga lotchedwa Sherriff linagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi gombe la ku Salima. Anyamata oyendetsa botilo anasambira n'kupulumuka. Bishopuyo, yemwe mkanjo wake unalemera ndi madzi, anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda ake ali ku Nkhotakota.

Nkhani ya malire inakambidwa Maples akadali moyo. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagawana dziko patebulo, ndipo gombe la kuvuma, chigawo choyang'anana ndi zilumbazi, linapita kwa Apwitikizi. Likoma ndi Chizumulu zikanapita nawo, popeza zili pakhomo penipeni pa gombelo. Koma pazilumbapo panali amishoni a Chingerezi okhala ndi abale ndi abwenzi a mawu ku London, choncho panganolo linazisiya m'manja mwa Britain. Mu 1954 maiko awiriwa atagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, zilumbazo zinatsala za Nyasaland, zitazingidwa ndi madzi a eni ake. Mabanja ambiri a pa Likoma ali ndi abale ku Cobue, ku Ngofi ndi ku Messumba, ndipo maukwati ndi maliro sizinasiye kuwolotsa anthu. Mzere wa pamapu unangowonjezera zidindo.

Imfa ya Maples inabala sitima yachiwiri. Anthu a ku England anasonkha ndalama, ndipo kampani ya Alley & McLellan ya ku Glasgow inapanga sitima imene inatumizidwa ili zidutswazidutswa zoposa 3,000. Zinakwera Zambezi ndi Shire pa mabwato, kenako pamitu ya amtengatenga podutsa mathithi. Chovuta chinali boyila ya matani 11, imene sikanatheka kuigawa. Amuna a Chingoni okwana 450 anaikoka pangolo, kukwera zitunda ndi kuwoloka makwawa, tsiku lonse n'kuyenda mtunda woti munthu wopanda katundu amautha pa ola limodzi. Mayina a amuna amenewa sapezeka pa chipupa chilichonse. Sitimayo, Chauncy Maples, inalowa m'madzi mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi, ndipo popeza inkayendera nkhuni, midzi ya m'mbali mwa nyanja inkaunjika mitengo pagombe kuidikira.

Kenako panabwera chinthu chimene aliyense wofika pa Likoma amayamba kufunsa. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko a Cathedral ya St Peter's pa 27 January 1903, pa Chipyela pomwepo. Wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George. Pachilumba panali miyala yokha. Matabwa, laimu ndi zina zambiri zinkachokera kumtunda, pamene simenti, malata ndi magalasi zinkachokera ku England, zonse pa sitima. Omanga anali anthu a konkuno, amuna akuswa ndi kusema miyala, amayi akusenza mchenga ndi madzi kuchokera kunyanja kukwera nawo chitunda. Tchalitchicho chinayamba kugwiritsidwa ntchito pa 29 September 1905, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anachipatula pa 14 November 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, ndipo alendo amakonda kuchiyerekeza ndi Cathedral ya ku Winchester.

Ukalowamo masana dzuwa likuswa mtengo, chimene umayamba kumva ndi kuzizira kwa pansi. Maso akazolowera mdima umaona mizati ya njerwa ikutsatana mpaka kuguwa, mipando ya oimba yosemedwa pa mwala wofewa, ndi mawindo a magalasi a mitundu amene ena anasweka n'kulowetsedwa wamba. Pamwamba pa gome lolalikirira pali kamtanda kakang'ono kosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. N'kanthu kakang'ono m'nyumba yaikulu chotere, ndipo ambiri amakadutsa osakaona mpaka wina awalozere.

Funso loti chifukwa chiyani tchalitchi chachikulu chonchi chinamangidwa pa kachilumba kosatha kudzidyetsa lili ndi yankho lake. Amishoni sankamangira anthu a pa Likoma okha. M'maganizo awo nyanja inali bwalo, ndipo Likoma inali pakati pa bwalolo: kuvuma Messumba ndi Unangu, kumpoto Liuli ndi Manda, kuzambwe Nkhotakota, kummwera Malindi ndi kwa Mponda. Dayosizi imodzi inkagwira maiko atatu a atsamunda atatu, Angerezi, Apwitikizi ndi Ajeremani. Kwa munthu woyenda pa sitima, Likoma sinali kumathero a dziko monga timaionera ife oyenda pa minibasi.

Mabuku akale a bungweli amadzaza ndi mayina a Azungu, koma amene anakhala m'midzi, kudya kondowole ndi usipa pamodzi ndi anthu, kuphunzitsa ana pansi pa mtengo ndi kuika maliro, anali aphunzitsi ndi ansembe a Chiafirika. Augustine Ambali, yemwe anagwidwa ukapolo ali mwana n'kuomboledwa panyanja ya mchere, anaphunzira ku Zanzibar nadzatumikira ku Messumba zaka zambirimbiri, ndipo analemba yekha mbiri ya moyo wake. Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya Chiyao, anadzozedwa unsembe mu 1898, anagwira siteshoni ya Unangu, nalemba buku la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, limene akatswiri akuliwerengabe. Leonard Kamungu wa ku Chia anakhala wansembe mu 1909, napita kukayambitsa ntchito ku Msoro, kuvuma kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Sukulu ya ubusa ya Anglican ku Zomba imatchedwa dzina lake. Ansembe ankaphunzitsidwa ku St Andrew's, ku Nkhwazi, pachilumba pomwepa. Aphunzitsi ankaphunzira ku St Michael's, kutsidya, mpaka mu 1911 pamene msilikali wa Chipwitikizi anawombera ndi kupha mkulu wa sukuluyo, Arthur Douglas. Zitatero sukulu inasamukira ku Makulawe, pa Likoma.

Za umoyo zinasintha kwambiri Dr Robert Howard atafika mu 1899. Asanabwere, amishoni ankafa motsatizana ndi malungo, ena asanathe ngakhale chaka, ndipo panali kamtima koona imfa zoterezi ngati nsembe yoyenera. Howard analimbikira zinthu wamba: nyumba zabwino, maneti a udzudzu, kumwa kwinini, kupuma. Anayambanso kuphunzitsa anyamata a konkuno ntchito ya chipatala. Chipatala cha St Peter's, chimene mayi wa ku Khuyu amapitako lero kukachira kapena kukayezetsa mwana kusikelo, chinakula kuchokera pamenepo, ndipo chikadali m'manja mwa mpingo.

UMCA inali yosiyana ndi mishoni za Askotishi za ku Blantyre ndi Livingstonia. Ansembe ake a Chizungu sankakwatira, malipiro awo anali ochepa zedi, ndipo mapemphero anali a mwambo wa Misa, lubani, mikanjo ndi kuulula machimo. Munthu sankabatizidwa msanga. Ankayamba ngati womvera chabe, kenako n'kulandira kamtanda kovala m'khosi, n'kuphunzira zaka asanalowe m'madzi a ubatizo, ndipo wolakwa ankakhala kumbuyo kwa tchalitchi mpaka nthawi ya chilango chake itatha. Pa chilumba chaching'ono, pamene sukulu, chipatala, ntchito ndi sitima zonse zinali za mishoni, kukhala kumbuyo kwa tchalitchi sichinali chinthu chopepuka. Padre anali ndi mphamvu zoposa za wansembe wamba.

Amishoniwa ankanena kuti safuna kusandutsa Mwafirika kukhala Mzungu wakuda, ndipo pa chifukwa chimenechi sanalimbikire za malonda, minda ikuluikulu kapena maphunziro apamwamba monga ankachitira Robert Laws ku Khondowe. Maganizowo anali ndi ulemu wake: analemekeza chiyankhulo cha anthu, ndipo ambiri a iwo anakhala moyo wosauka moona. Koma analinso ndi msampha. Amene ankasankha kuti Mwafirika ayenera kudziwa zingati anali Mzungu yemweyo, wa digiri ya ku Oxford. Bungwe limene linadzoza ansembe akuda m'zaka za m'ma 1890 linadikira mpaka 1965, zaka 80 chifikireni pa Likoma, kuti Mmalawi avale chisoti cha ubishopu. Kuchedwa kotere sikungafotokozedwe ndi kusowa kwa anthu oyenera.

Ngakhale zinali choncho, sukulu za pachilumba zinachita chinthu chimene eni ake mwina sanachiganizire. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900, Likoma inkadziwika kuti ndi malo amene pafupifupi aliyense, amayi omwe, ankatha kuwerenga. Koma munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera akanachita nazo chiyani pa mchenga wa chinangwa? Ankakwera sitima. Amuna a pa Likoma anakhala makalaliki, aphunzitsi, amisiri a matabwa, omanga, osindikiza mabuku, othandiza madokotala ndi oyendetsa sitima ku Zomba, ku Blantyre, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Kitwe ndi Johannesburg, ndi ku Tanganyika. Kulikonse kumene anafika ankayambitsa kampingo ka Anglican, ndipo ndalama zimene ankatumiza kwawo ndi zimene zinamanga nyumba zambiri za njerwa m'midzi ngati Khuyu, Mbamba ndi Ulisa. Ena sanabwerere, anasanduka matchona. Amene anabwerera anabwera ndi masuti, nsapato zoyera ndi kaguba ka asilikali, zimene timaziona m'malipenga, gule amene amuna a pa Likoma ndi Chizumulu amamuvina monyadira, zipenga za zikho zikulira, amayi nawo ali ndi chioda chawo.

Chilumba chenichenicho chinalipira mtengo wake. Anthu atachuluka chifukwa cha mtendere ndi chipatala, mitengo ya nkhuni inatha, n'kutsala milambe, imene siyaka bwino, ndi mango, amene palibe angawadule. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, ndipo chimanga chambiri chimene amadya chimabwera pa sitima. Chuma chenicheni chili m'madzi. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja, m'mawa chilimira chikukokedwa ndipo nsomba zikuyanikidwa pa matandala. Nkhwazi zimalira pamitengo ya m'mbali mwa gombe, ndipo nyengo yake ikafika nkhungu zimatuluka m'madzi ngati utsi. M'miyala ya pansi pa madzi muli mbuna za mawanga owala, zina zosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Imodzi, ya buluu wa mizere yakuda, imadziwika kwa oweta nsomba m'magalasi ku Germany ndi ku America ndi dzina loti Maingano, dzina la malo a pa Likoma pomwepa. Amishoni analemba zambiri za miyoyo ya anthu, koma za tinsomba timeneti anasiyira ena.

Kutha kwa ulemerero wa Likoma monga likulu kunabwera pang'onopang'ono, ndipo sikunachokere kwa adani. Misewu ndi njanji zinakoka anthu ndi ntchito kupita kumtunda. Mu 1952 mipingo ya ku gombe la Tanganyika inapatulidwa kukhala dayosizi yakeyake. Mu 1953 sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa ku boma, sitima ya Ilala itayamba kale kuyenda mu 1951. Mipingo ya ku Mozambique nayo inachotsedwa n'kuperekedwa ku dayosizi ya Lebombo, ndipo pambuyo pake inakhala dayosizi ya Niassa. Bwalo lija linagawidwa, ndipo chimene chinali pakati chinapezeka chili m'mphepete. Bishopu Donald Arden, amene analowa m'malo mwa Frank Thorne mu 1961, anayendetsa dayosizi kuchokera ku Malosa, kufupi ndi Zomba. Mu 1965 UMCA yeniyeniyo inaphatikizana ndi bungwe lina lakale la Anglican, SPG, n'kupanga USPG, ndipo dzina lake linathera pomwepo.

Chaka chomwecho, m'Cathedral ya St Peter's, Josiah Mtekateka anadzozedwa kukhala bishopu wothandiza. Anabadwira pa Likoma mu 1903, chaka chimene mwala wa maziko unaikidwa, anaphunzira m'sukulu za mishoni, ndipo monga anzake ambiri anakagwira ntchito kunja, ku Tanganyika, asanaitanidwe kwawo. Mu 1971 dayosizi ya Malawi itagawidwa pawiri, iye anakhala bishopu woyamba wa Lake Malawi. Mu 1995 chigawo cha kumpoto chinakhala dayosizi ya Northern Malawi, ndipo St Peter's inakhala cathedral yake.

Lero nyumba imene inamangidwa ndi ndalama za ku England kuti itumikire maiko atatu ikusamalidwa makamaka ndi asodzi, aphunzitsi, amayi a Mothers' Union ndi ana a pachilumba okhala m'matauni. Malata akadontha, ming'alu ikaoneka pa nsanja, nkhani imafika ku mabanja a ku Khuyu ndi midzi inzake, ndiponso kwa abale awo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuti asonkhe. Pachilumba palinso mipingo ina tsopano, ya Katolika, ya CCAP ndi ya chipentekoste, ndipo boma lili ndi DC wake ndi maofesi ake chipatulireni Likoma ku Nkhata Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Maofesi a dayosizi ali ku Mzuzu. Bishopu akafuna kukhala pampando wake pa chikondwerero cha Petro Woyera kumapeto kwa June, nyengo imene mwera umakhala pachimake, amatsikira ku Nkhata Bay n'kukwera sitima pamodzi ndi matumba a chimanga, makireti a zakumwa ndi amwendamnjira ochokera m'maparishi a kumtunda.